Njati Khumi ndi Ziwiri za Zione Mukela

Zione Mukela ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi. Ndi mayi wa ana atatu, amakhala ku Dambwa North, ndipo ndiye amayendetsa kompyuta pa shopu ya masaini ndi zikwangwani ya Ba Mwanawina, kuseri kwa msewu waukulu wa m'tauni muno. Kujambula sadziwa. Ndikunena ine Amon, amene ndagwira burashi zaka zoposa makumi anayi. Ndine ndinamuyesa.

Anabadwira ku Katete. Ku Livingstone anabwera mu 1975, kutsatira mlongo wake amene ankagwira ntchito ku njanji. Chaka chotsatira analowa mu fakitale ina yosoka zovala. Nthawi imeneyo mafakitale otere analipo ambiri kuno, ndipo m'mawa msewu wochokera ku Dambwa unkadzaza azimayi opita ku ntchito. Pa makina osokera sanakhalitse. Anamuika pa tebulo lodulira, ndipo anakhalapo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ankayala nsalu, kuikapo mapatani a katoni, kuzunguliza choko m'mphepete, n'kudula: mikono ya malaya, makolala, matumba, misana. Akapitawo ankamukonda chifukwa pa tebulo lake pankatsala nsanza zochepa. Osesa ndiwo ankadandaula, ati analibe zokaika m'mapilo kunyumba.

Anakwatiwa ndi Mundia Mukela, Mlozi wa ku Sesheke, dalaivala wonyamula alendo ku eyapoti. Ndi munthu wabwino, wosamwa, koma akagamula chinthu wagamula.

Mu 1993 fakitale inatsekedwa. Salaula, zovala zakale zochokera kunja, zinali zitadzaza misika, ndipo malaya osokedwa kuno analibenso ogula. Zione anayesa utelala pakhonde. Anthu ankangobweretsa mathalauza a salaula kuti awafupikitse miyendo. Zaka zitatu zinapita choncho.

Pakati pa 1996 Mundia anagamula. Mayi ake ku Sesheke ankachita malonda a nsomba zouma, ndipo anali atakalamba. Zione apite kumeneko, azikagula nsomba kwa asodzi ndi kuzitumiza kuno pa basi. Ana atsale ndi bambo awo chifukwa cha sukulu. Msewu wa ku Sesheke unali maenje okhaokha masiku amenewo, ndiye kubwera kudzaona ana kukanakhala kamodzi pa miyezi iwiri. Tsiku lonyamuka linali lomaliza la Ogasiti, pokhapokha atapeza ntchito yeniyeni m'tauni.

Timapemphera tchalitchi chimodzi, ndipo kwathu ndi kufupi ndi kwawo. Lamulungu lina anandiimitsa pa geti.

"Atate, ndipezereni ntchito kwanuko. Iliyonse. Ngakhale kusesa."

"Tsache tili nalo, ndipo timasesa tokha."

"Mwana wanga Sepiso akulemba mayeso chaka chino. Ndikapita ku Sesheke adzadya mabanzi mpaka Novembala. Bambo ake ngakhale dzira sadziwa kukazinga."

Ndinamuuza kuti ndikafunsa. Sindinalonjeze kanthu.

Pa shopu tinalipo atatu. Ba Mwanawina, eni ake, anapuma ntchito ku njanji. Penti sanaigwirepo, koma makasitomala amadziwa kuwalankhula. Ine ndinkalemba zilembo. Titus, Mbemba wa ku Kasama, wa zaka makumi atatu, ankajambula zithunzi. Titus ali ndi dzanja. Nkhuku imene anajambula pa khoma la butchala ina ku komboni ya Linda, agalu ankaiuwa.

Mu Julayi chaka chimenecho Ba Mwanawina anapita ku Johannesburg n'kubwera ndi makatoni atatu. Munali kompyuta ndi makina odulira sitika. Makinawo ndi aatali ngati benchi. Umalowetsamo mpukutu wa sitika, pulasitiki yopyapyala yomata kumbuyo, ndipo kampeni kakang'ono ngati njere ya mpunga kamatsatira mzere uliwonse umene wajambulidwa pa kompyuta. Kakamaliza, munthu amachotsa ndi singano zidutswa zosafunika, n'kutsala chilembo kapena chithunzi chokamata pa galimoto kapena pa galasi. Ntchito yochotsayo timaitcha kupalira. Maso anga sakanaitha, Titus ankaiona ngati yonyozeka, ndiye ndinatchula Zione. Ba Mwanawina anamupatsa ganyu ya milungu isanu ndi umodzi.

Mwamuna wina dzina lake Evans anachokera ku Lusaka kudzalumikiza nthambo ndi kuphunzitsa masiku anayi. Ine ndinakana kuphunzira. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, ndipo galasi la kompyuta linkandiliritsa misozi. Mpando unali umodzi, ndipo tonse tinadziwa kuti ndi wa Titus. Zione ankaima kumbuyo kwawo, singano ili m'manja, akuyang'ana. Tsiku lachiwiri anapita kwa Ba Mwanawina, amene amamutchula kuti Bana Sepiso, ndiye kuti amake Sepiso.

"Bwana, naine nifuna kuphunzila ichi chinthu."

"Za manja ine siniziba, Bana Sepiso. Funsani Ba Amon. Bakavomela, navomela."

Amene anandiphunzitsa ntchito ku Fort Jameson, kumene lero timati ku Chipata, mu 1953 anandiyesa ndi njinga. Anati aliyense amaganiza kuti njinga amaidziwa, mpaka umupatse pensulo. Inenso ndayesa anthu onse ndi njinga. Ndinapatsa Zione pepala ndi pensulo.

Anajambula mphindi khumi, lilime lili kunja. Gudumu limodzi linali lalikulu kuposa linzake. Tcheni chinapita ku gudumu lakutsogolo. Chishalo chinali m'malere, chosagwira pena paliponse.

Titus anatenga pepalalo n'kulitembenuza uku ndi uku. Abemba ndi ife a kum'mawa tili pa chimbuya, timanyozana mmene tingafunire popanda wokwiya, ndiye sanabise mawu.

"Ba mbuya, iyi njinga mukakwela pano, ku Linda muzafika chaka chamaba. Mwandi bwelelani ku singano. Na iyi mausi muisiye, pa Chizungu ni mbeba. Imwe ba ku Chipata tikakusiyani nayo, tizapeza mwaiocha."

"Ikanakhala kolwe bwenzi mutaimaliza kale ndi nthambo yomwe," anayankha Zione. Kolwe ndi pusi pa Chibemba.

Evans anaseka mpaka kutsokomola. Zione nayenso anaseka, koma maso ake anali pa ine.

"Sungathe," ndinatero. "Munthu amayamba ndi pensulo, kenako burashi, kenako zinazo. Sungadumphe."

"Njinga sindinaidulepo, atate."

"Ndamva. Koma sungathe."

Anabwerera pa tebulo lake. Sanakwiye, ndipo kuyang'ana sanasiye.

Milungu yoyamba zinthu zinayenda. Makasitomala ankafuna zilembo zokha, ndipo zilembo zimabwera zili kale m'kompyuta. Titus ankangozisankha, makina n'kudula, Zione n'kupalira. Ankapalira mofulumira kuposa mmene makina ankadulira.

Lolemba, patatsala masiku khumi ndi awiri kuti Ogasiti athe, kunabwera kapitawo wa kampani ina yoyendetsa alendo m'nkhalango. Anali ndi magalimoto asanu ndi imodzi oyera, atsopano. Ankafuna mutu wa njati wakuda pa chitseko chilichonse chakutsogolo, mitu khumi ndi iwiri, pofika Lachisanu, chifukwa Loweruka m'mawa magalimoto onse ankapita ku eyapoti kukalandira gulu lalikulu. Penti anakana. Anati magalimotowo sangagone kwa ife kudikira kuti iume.

Titus anajambula njatiyo pa pepala tsiku lomwelo. Inali njati yeniyeni, yokuyang'ana ngati ikukudziwa. Kenako anakhala pa kompyuta masiku awiri akuijambulanso ndi mausi. Anachita mmene amachitira ndi pensulo: timizere tifupitifupi, kubwereza pamodzimodzi, kuonjezera apa, kudetsa apo. Pa galasi inatuluka bwino kwambiri, ngakhale ubweya wa m'makutu unkaoneka. Ba Mwanawina anaitana woyandikana nafe wogulitsa matayala kuti adzaone.

Lachitatu masana anaitumiza ku makina. Kampeni kanayamba kugogoda ngati nkhuku yojompha pa lata. Kanagogoda pafupifupi ola lathunthu. Chimene chinatuluka anachiika pa tebulo la Zione. Iye analowetsa singano, n'kunyamula. Panatuluka tinyenyeswa ngati fodya wopera. Anayesa pena, chimodzimodzi. Njati inali itasanduka mamba.

"Kampeni kathamanga maningi," anatero Titus. "Mailo nizachepesako sipidi."

Lachinayi m'mawa anachepetsa. Makina anagogoda maola awiri, n'kutulutsa mamba omwewo. Mpukutu wakuda unali umodzi wokha, ndipo wina ukanatenga sabata kuti ufike kuchokera ku Lusaka. Titus anayeza wotsalawo ndi tepi. Anati ngakhale zonse zitayenda bwino, mutuluka mitu isanu ndi itatu basi. Ba Mwanawina anavula jekete n'kukhala pa chitini cha penti. Evans tinamuimbira foni, anatiuza kuti ali ku Kitwe.

Zione analankhula osadzutsa mutu.

"Mpeni si pensulo, mbuya. Pensulo mukhoza kuibweza kakhumi pamalo amodzi, chithunzi chimangokoma. Mpeni ukabwerera wadula kawiri. Mizere yanu ija ilipo ingati?"

"Siniziba. Yambili."

"Kampeni kadula uliwonse. Mzere uzikhala umodzi. Uyambe apa, uzungulire, ukatseke pomwe unayambira. Ukapanda kutseka, chidutswa sichichoka. Bweretsani pepala lanu la njati lija."

Titus anayang'ana Ba Mwanawina. Iwo anayang'ana ine. Ine ndinakatenga pepalalo ndekha.

Chinthu choyamba, Zione analipinda pakati, kuchokera pachipumi mpaka pamphuno. Titus anabuula ngati amuponda chala.

"Awe, ba mbuya, mwaiphwanya nkhope."

"Ku fakitale sitidula malaya mbali ziwiri. Timapinda, n'kudula kamodzi."

Anatulutsa m'chikwama pulasitiki yoonekera, ija amakutira malaya atsopano m'sitolo. Anaiyala pamwamba pa theka la njati n'kuyamba kuzunguliza cholembera chakuda, mmene ankazungulizira choko pa patani. Ubweya anausiya. Mithunzi anaisiya. Anagawa mutuwo m'zidutswa: nyanga payokha, khutu palokha, chipumi, nkhope, mphuno. Pakati pa chidutswa ndi chinzake anasiya mpata wa chala, pamene padzaonekere penti yoyera ya galimoto. Diso linali bowo chabe. Kenako anamata pulasitikiyo pa galasi la kompyuta ndi selotepi.

"Khalani pa mpando, mbuya. Evans uja anakuonetsani kuika timadontho n'kutilumikiza. Ine ndikuloza, inu muziika."

Ankaloza ndi singano. "Apa pini. Apa pini. Apa ayi, mwaonjeza." Timadontho timeneto iye ankatitcha mapini, ngati obayira nsalu, ndipo mpaka lero pa shopu timatitcha choncho. Dzanja la Titus silinkamvera. Pamene iye wanena pini imodzi, Titus ankaika zisanu, chifukwa diso lake linkaona kukhota kumene ife sitinkakuona.

"Mapini achepe. Pakona imodzi, pokhota imodzi, basi. Mukufuna kusoka kapena kulasa mphini?"

"Manje nyanga siili so. Ili na ka shepu."

"Dzukani."

Titus anadzuka. Palibe amene anamuletsa Zione, ngakhale ine. Anakhala pa mpando, n'kupukuta manja pa chitenje, n'kugwira mausi ndi manja awiri. Kamuvi ka pa galasi kanathawira pakona. Anakoka mausi mpaka inafika m'mphepete mwa tebulo n'kutsala pang'ono kugwa.

"Inyamuleni, muibweze pakati," anatero Titus. "Na kwanja kumozi chabe. Siluma."

Mphindi makumi awiri zoyamba zinali zomvetsa chisoni. Kenako anazolowera. Sankakoka mzere ndi dzanja, ankangoika pini pamene akufuna n'kudina. Pini ikaphonya ankaisuntha. Pofuna kukhotetsa mzere pali timichira timene umakoka, ndipo Titus anamuonetsa kamodzi kokha. Iye anati n'chimodzimodzi kukhotetsa pakhwapa pa malaya. Nyanga yonse anaimaliza ndi mapini asanu ndi anayi.

Theka litatha anafunsa mmene angalitembenuzire. Titus anakanda m'mutu. Evans anali atamuonetsa batani lake, koma iye analinyoza, ati ndi la alesi. Analipeza. Zione anadina, ndipo mbali yachiwiri inatulukira yokha, yofanana ndendende. Anaseka mogwira pakamwa.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndikupinda nsalu ndi msana. Chinthuchi chinali kuti?"

Analumikiza zidutswa zapakati, mutu wonse n'kukhala zidutswa zisanu ndi ziwiri. Tinayesa kaye kamutu kakang'ono pa kachidutswa kofiira kotsala. Makina sanagogode. Analira pang'onopang'ono mphindi imodzi n'kuima. Zione anabaya singano pakona n'kukoka, ndipo zosafunika zonse zinachoka kamodzi, ngati khungu la mbatata yophika. Anakamata pa galasi la chitseko. Tonse tinaima kumbuyo kuyang'ana.

Inali yoyera bwino, m'mphepete mosalala. Ba Mwanawina anavala magalasi awo, n'kuyandikira, n'kubwerera.

"Bana Sepiso, yachoka bwino. Koma iyi ni ng'ombe."

"Ndi njati, bwana."

"Ine ndine Mulozi, ng'ombe niziziba. Iyi ni ng'ombe ya batate banga ku Senanga. Inali kudonsa sileyi ya katundu."

Ankanena zoona. Inenso ndinaona ng'ombe, yofatsa, yoti mwana akhoza kuikoka ndi chingwe. Titus anatenga pepala lake n'kuliika pambali pake.

"Mwachita chani ku nyanga?"

"Ndaziwongola pang'ono. Zanu zija zatambalala, zikudya sitika. Mukufuna mitu khumi ndi iwiri kapena ayi?"

"Mwaongola nyanga ya njati kuti musunge nsalu. Ba Amon, mwamvela? Aba banthu ba kum'mawa, olo Mulungu angabapase nchito yopanga nyama, njovu ingankhale na matu ya mbuzi."

"Ikanamvabe."

Titus anakoka chitini n'kukhala pambali pake. Apa sanachite nthabwala. Anamuonetsa pa pepala kuti nyanga ya njati imayamba yatsika, kenako n'kukwera, ndipo ziwirizo zimakumana pachipumi mokhuthala ngati chisoti. Makutu amagwera pansi pa nyanga, sayima. Zione anamvetsera. Iye zimenezi sanazione, ngakhale pepalalo linali pamaso pake m'mawa wonse. Titus analoza mapini anayi, iye anawasuntha. Ng'ombe inachoka. Chimene chinatsala pa galasi chinali chinthu choti ukakumana nacho pa njira umakwera mtengo.

"Manje sitika sizakwana," anatero Ba Mwanawina.

"Ikwana. Koma tisadule mutu ndi mutu."

Apa ndi pamene ndinaona ntchito ya ku fakitale ija. Anaphwasula mitu yonse pa galasi. Nyanga makumi awiri ndi zinayi anazigoneka ina m'mimba mwa inzake, ngati nthochi pa phava. Makutu anawalowetsa m'mipata ya pakati pa nyanga, lina chagada, lina chafufumimba. Mphuno anaziika m'makona. Ankatembenuza chidutswa, kuchisuntha pang'ono, kuchitembenuzanso, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Chakudya chamasana anakana. Titus anamugulira chimanga chowotcha, n'kumuikira pafupi ndi dzanja, ati mbuya angakomoke asanamalize. Itakwana folo koloko zidutswa zonse makumi asanu ndi atatu kudza zinayi zinali zitalowa mu utali wa sitika yotsalayo.

"Nanga pa chitseko tidzadziwa bwanji pomata chilichonse?" ndinafunsa.

"Patani, atate."

Anatenga katoni imene munabwera kompyuta, n'kudulamo mabowo asanu ndi awiri ndi sizasi yake ya ku fakitale, imene amayenda nayo m'chikwama mpaka lero. Ukaika katoniyo pa chitseko, chidutswa chilichonse chimalowa m'bowo lake.

Makina anadula zonse dzuwa lisanalowe. Pa mpukutu panatsala kachidutswa kosakwana chikhatho.

Lachisanu magalimoto anabwera awiriawiri. Ine ndinkayeza pakati pa chitseko ndi kulemba mzere wa choko, chifukwa kuwongola chinthu pa galimoto ndi ntchito yanga ndipo palibe amene amandiposa. Titus ankagwira katoni. Zione ankawaza madzi a sopo, kuika chidutswa, n'kusalaza ndi kathabwa kokutidwa nsalu. Madalaivala anaima mozungulira kutiuza mmene tingachitire. Galimoto yomaliza inatuluka hafu pasiti fili. Kapitawo uja anazungulira iliyonse, anakanda m'mphepete mwa nyanga ndi chikhadabo, sinatukuke. Sanayamikire. Anangofunsa ngati tingathe kuchitanso pa maboti awo atatu.

Loweruka Mundia anali ku eyapoti ndi minibasi yake. Magalimoto aja anaima mondondozana pakhomo potulukira alendo, njati zonse zikuyang'ana mbali imodzi. Mzungu wina wamkazi anajambulitsa chithunzi atatsamira chitseko, asanaone ngakhale nyama imodzi yamoyo. Madalaivala anzake anandiuza kuti Mundia anayenda galimoto ndi galimoto akuuza aliyense kuti wajambula zimenezi ndi mkazi wake. Madzulo anakanena zomwezo kunyumba. Zione anamukonza. Anati wajambula ndi Titus, iye anangodula.

Lolemba Ba Mwanawina anafika ndi khushoni ya pa sofa ya kunyumba kwawo, n'kuiika pa mpando wa kompyuta.

"Ba Amon, nifuna Bana Sepiso bankhale apa. Nchito ya mwezi na mwezi, osati ganyu. Koma munakana ndimwe."

"Ndinakana. Ndinalakwa. Akhale."

"Titus?"

"Ine ka mausi kananipweteka kwanja. Nibwezeleni bulashi yanga. Koma nyama zonse ziziyamba kupita pali ine, apo ayi tizagulisa ng'ombe tauni yonse."

Zione anagwada pang'ono n'kuwomba m'manja mwa Chilozi, mmene anaphunzirira kwa apongozi ake. Kenako anapempha kuti Ba Mwanawina alembe kalata yonena kuti walembedwa ntchito, yodinda chidindo, yoti akaonetse mwamuna wake. Anailemba. Mundia anaiwerenga kawiri, n'kuipinda, n'kunena kuti nsomba zikhoza kudikira. Ku Sesheke kunapita mlongo wa Mundia wa ku Kazungula. Sepiso analemba mayeso akudya zophika mayi ake, ndipo anakhoza.

Kuyambira pamenepo amagwira ntchito awiri. Titus amajambula pa pepala, Zione amapinda, kugawa, ndi kuika mapini. Amakangana pa chithunzi chilichonse. Zione amafuna kuchotsa, Titus amafuna kubwezera, ndipo chimene chimatsala pakati pawo ndicho chimapita pa khoma. Mu 1997 Ba Mwanawina anagula kachipangizo kolowetsa chithunzi cha pa pepala m'kompyuta, ndiye pulasitiki ndi selotepi zinatha ntchito. Kachipangizoko kamadziikira kokha mapini, mazanamazana. Zione amawafufuta n'kuika ake.

Anthu amabwera kudzafunsa ngati munthu wosadziwa kujambula angaphunzire kompyuta yojambulira. Ena ndi aphunzitsi, ena ndi makolo a ana omaliza sukulu. Amafunsa ine chifukwa ndine wamkulu. Ndimawauza zimene ndinaona. Kuphunzira anaphunzira, ndipo msanga. Zilembo, mabwalo, mabendera, mamapu a misewu, zonse zoyezeka, amachita yekha ndipo palibe m'tauni muno womufikira. Chamoyo ndiye ayi. Titus anayesa kumuphunzitsa pensulo nthawi ya chakudya chamasana kwa miyezi isanu ndi umodzi. Anasintha pang'ono. Tsopano akajambula mbalame umadziwa kuti ndi mbalame, koma mtundu wake umafunsa.

Chaka chatha Titus anagona milungu iwiri ndi malungo, ndipo loji ina inafuna mkango pa geti. Zione anati ayesa yekha. Anaugwira masiku atatu. Unatuluka wosalala, wofanana mbali zonse, wosataya sitika ngakhale pang'ono. Mwini loji anauyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti adikira Titus achire. Tinausiya pa khoma la m'shopu. Patapita sabata kunabwera mkulu wa kampani ya alonda, kudzafuna zikwangwani zochenjeza akuba. Analoza pa khoma.

"Uyu galu ni wabwino. Nipangileni makumi yatatu."

Zione sanamutsutse. Anafunsa kukula kwake n'kulemba. Zikwangwani zimenezo zili pa mageti ambiri kumayadi. Titus atachira Zione anamutengera pa geti lina kukamuonetsa, ndipo anabwera onse akupukuta misozi ya kuseka.

Ine ndinasiya ntchito mu Disembala, maso anakana. Ndimapitako Lachiwiri ndi Lachisanu kukawongola zikwangwani zazikulu. Mu Marichi chaka chino Ba Mwanawina anagula kompyuta yachiwiri. Anauza Zione kuti asankhe yekha munthu wokhalapo. Anakatenga Ennie Nawa, mnzake wa pa tebulo lodulira ku fakitale kuja, wa zaka makumi asanu, amene ankagulitsa tomato pa msika wa Dambwa Central. Ennie wamaliza mwezi wachitatu. Zilembo amadula yekha, nyama sanayambe.